Diresi la Felista

Anakumana pamalo okwerera basi ku Beaumont Leys, mumzinda wa Leicester, m'mwezi wa Malichi chaka cha 2018, chisanu chikulowa mpaka m'mafupa. Regina anali atangoweruka. Ankagwira ntchito pa nyumba ina yosungirako okalamba kuseri kwa mashopu, ntchito imene anzathu kuno amangoti kukeya. Miyendo inkamuwawa. Pofuna kuiwala kuzizira, anayamba kung'ung'udza kanyimbo ka kwaya ya kwawo ku Balaka.

"Imbaninso, sisi."

Anatembenuka. Kumbuyo kwake kunali mnyamata wamtali, wovala jekete lachikopa, tsitsi lopota lofika m'mapewa, gitala kumsana. Sanamumve pobwera.

"Mumayankhula Chichewa?" anafunsa Regina.

"Chinyanja. Ndine Ivan, wa ku Kitwe, koma amai ni a ku Chipata. Imbani chabe, musachite manyazi. Mau aya sininawamvepo pa munthu wamoyo."

Regina anaseka. Apo ndi pamene analakwitsa. Mwamuna amene wayamba kutama mawu ako asanafunse dzina lako, uzimuyang'ana kawiri. Koma atsikana amamva?

Basi itafika anakhala mpando umodzi. Ivan ankamuyang'ana kuyambira m'khosi, mapewa, mpaka m'chiuno, osati monga achitira anyamata adyera, koma monga telala amayezera nsalu ndi maso. Dzina analifunsa atatsala pang'ono kutsika. Nambala ya foni anaitenga.

Madzulo ake uthenga unalowa.

"Mbalame yanga, ukadzazizidwa, dzina lako ndidzalifunditsa m'kamwa mwanga."

Regina anauwerenga kangapo. Anali atamvapo zambiri kwa anyamata a ku tchalitchi: bebi, switi, nthiti yanga. Koma zotere ayi. Ndani amayankhula chonchi masiku ano?

M'mawa mwake unabwera wina. "Usaope madzi, duwa langa. Ine ndili tsidya lino."

"Madzi atinso?" anayankha Regina, akumwetulira yekha m'basi.

"Ni chikondi chabe, mami. Chikondi sichifunsiwa."

Ku ntchito kwa Regina kunali nkhalamba ina yachizungu dzina lake Terry. Inali ndi matenda oiwala. Ana ake omwe sinkawazindikira. Koma manja ake sankakhala chete. Ankangogogoda pa thireyi, pa bondo, pa chitsulo cha bedi, ndipo kugogodako kunali ndi ndondomeko yake ngati ng'oma. Anthu a ku Leicester amatcha aliyense "bakha" posonyeza chikondi, ndipo Terry ankatero ndi antchito onse. Regina yekha ankamutcha dzina lina.

"Fliss," ankatero m'Chingelezi, "wanyowa. Bwera pafupi ndi moto."

"Ndine Regina, a Terry. Tsegulani pakamwa, phala lizizira."

"Tsitsi lako likudontha, Fliss."

Regina ankangopukusa mutu. Okalamba amaona anthu awo m'nkhope za eni. Anali atazolowera.

Patapita milungu ingapo Ivan anamuitanira kwake, kachipinda kapamwamba pafupi ndi ngalande ya ku Frog Island. Makoma onse anali zithunzi za azungu anayi a tsitsi lalitali, mabuluku otambalala kumiyendo. Munkanunkha fumbi ndi mapepala akale.

"Awa ni Gallowtree," anatero Ivan, mawu ake atatsika ngati ali m'tchalitchi. "Anyamata a muno mu Leicester. Anayamba mu 1968, onse anali kusewenza mu fakitale ya masokosi. Masana masokosi, madzulo gitala. Pofika 1973 dziko lonse linali kuimba nyimbo zao."

Anafotokoza zambiri, maso akuwala. Anati zimbale zawo zinawoloka nyanja n'kufika ku migodi ya ku Kitwe, komwe bambo ake ndi anzawo ankamvera chimbale chimodzi mpaka kuchiperesa, n'kumatsanzira pa magitala obwereka. Anati nyimbo yawo yotchuka, imene onse ankangoitcha ya mtsinje, mpaka lero amaiika pa maliro a azungu a kuno, ndipo madoda akulira ngati ana. Atatu mwa anayiwo anamwalira. Iye Ivan anali ndi gulu lake loimba nyimbo zomwezo, kuvala zovala zomwezo, kuyenda m'maholo a m'matauni ang'onoang'ono kumene agogo a imvi amabwera kudzakumbukira unyamata wawo.

Regina anayandikira chithunzi china. Mnyamata wa kumbuyo kwa ng'oma anali ndi makutu amene Regina ankawatsuka m'mawa uliwonse.

"Awa si a Terry awa?"

"Ni iwo. Wotsala yekha. Nimapita kukawaona nthawi zina."

"Kuntchito kwathu? Bwanji simunandiuze?"

"Sunafunse, mbalame yanga."

M'mphepete mwa chithunzicho munali mkazi wakuda, theka la nkhope yake litadulidwa ndi wojambula. Wamtali, khosi lalitali, diresi lobiriwira lofika pansi. Regina anamva tsitsi likumuimirira. Kunali ngati wadziona pa galasi losweka.

"Uyu ndani?"

Ivan anaika chimbale pa makina. Kunamveka kuthetheka, kenako ng'oma, kenako mawu a mwamuna. Ndiye pakati pa nyimbo panatulukira mawu a mkazi, okwera, ozizira, ngati munthu akuitana ali pansi pa chitsime.

"Felista," anatero Ivan. "Wa kwanu, wa ku Ntcheu. Anabwera kuphunzira unesi. Azungu linawakanga dzina, anali kumuita Fliss. Pa chikuto sanamulembe, koma popanda eve nyimbo iyi siili kanthu."

"Ali kuti pano?"

Ivan analoza pa zenera. Kunja madzi a m'ngalande anali bii, osayenda.

"Anamupeza apo, mu chisanu cha 1975. Kulibe adziwa chinachitika. Gulu linathera pamenepo."

Munthu wanzeru akanatenga chikwama chake n'kutsika masitepe. Koma Ivan anamugwira nkhope ndi manja onse awiri, nati, "Mulungu anakutuma, Regina. Mau ako apambana ake. Nifuna dziko likumve. Nikulonjeza, dzina lako lizalembewa, osati monga lake."

Mtsikana amene tsiku lonse amasintha matewera a nkhalamba popanda womuuza zikomo, ukamuuza zotere, angakane?

Miyezi yotentha yonse anaithera m'kachipinda kameneko. Ivan ankamuveka zomvera za m'makutu, n'kumuuza kuti aziimba pamodzi ndi Felista. Ankaima patsogolo pake, maso ali pa milomo.

"Iyai, apa sanatseke kamwa. Bwereza."

"Koma ndikaimba chonchi zikukoma, Ivan. Tamvera."

"Zikoma, bebi, koma apa anapuma mpweya. Puma pamene anapumira. Dzanja la kumanzere pa chifuwa. Ehe. Mutu pendeka pang'ono."

"Ukumvera mawu anga kapena ukungondiyang'ana pakamwa?"

"Nanga pakamwa pokongola so, ningaleke bwanji?"

Akatero Regina ankasungunuka ngati majarini pa chiwaya. Ivan ankapita naye ku Bradgate kukaona agwape, ankamugulira chipisi, ankamunyamulira chikwama. Pa tsiku lake lobadwa anamulembera kuti, "Ndidzasiya nyali pa zenera mpaka mtsinje udzabweze chimene unatenga." Regina sanamvetse, koma anausunga.

Tsiku lina Regina akumumeta ndevu Terry, nkhalambayo inayamba kugogoda pa beseni, kenako inanong'ona m'Chingelezi mawu omwewo. Nyali. Zenera. Mtsinje kubweza chimene unatenga.

Lezala linatsala pang'ono kumupulumuka.

Pa nthawi yopuma anaimba foni. "Ivan, mawu aja umanditumizira, ndi ako kapena ndi a m'nyimbo?"

Ivan anaseka. "Mami, m'busa akakuwerengera vesi, umakwiya kuti sanalembe eve? Nimakupatsa mau abwino kupambana onse amene nidziwa. Anga ni osauka, sakukwana."

Mabodza a anyamata ena amakoma kuposa choonadi. Regina anapepesa yekha chifukwa chofunsa.

Ankakhala ndi azakhali ake, Anti Elizabeth, namwino wopuma pa ntchito amene anabwera kuno kalekale. Loweruka lina Regina anabwera ndi chikwama chachikale cha chikopa. Anachitsegula pa mpando, natulutsa diresi lobiriwira. M'chipinda monse munadzaza fungo la chinyontho, ngati la zovala zimene zauma popanda dzuwa.

"Ichi n'chiyani?" anafunsa azakhaliwo.

"Diresi loimbira, Anti. Mu Novembala kuli chikumbutso chachikulu cha gulu lija ku Loughborough. Ivan akuti ndivale lenilenilo, limene Felista anavala pa dansi yawo yomaliza. Analigula kwa munthu wina wosunga zakale."

Anti Elizabeth anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma.

"Tseka chikwamacho."

"Anti, ndi nsalu chabe."

"Ndati tseka. Gulu limenelo ndikulidziwa kuposa mnyamata wakoyo. Bambo ako anali nacho chimbale chawo. Ankachibisa m'chikuto cha nyimbo za kwaya, chifukwa masiku amenewo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza, ndipo chithunzi chokha chikanatiputira mavuto. Tinkamvera motsitsa, zitseko zotseka. Mawu a mkazi aja tinkayesa ndi a mzungu. Ndinadzamva ndili kuno, kwa manesi akale, kuti anali mwana wa kwathu."

"Ndiye si chinthu chonyaditsa chimenecho?"

"Anamuika ku manda a ku Gilroes anthu osakwana dzanja. Wachibale ngakhale mmodzi panalibe. Palibe anameta, palibe anagawa zovala zake. Iwe unakulira kuti? Chovala cha malemu amayamba achichapa, abale akhale pansi, apemphere, ndiye wina apatsidwe. Ichi sichinaone madzi chichokereni m'thupi mwake. Ukachivala, mwini wake adziwa bwanji kuti anamwalira?"

"Ivan akuti chikachapidwa chitsika mtengo."

"Ivan akuti, Ivan akuti. Nanga dzina lako amalitchula kangati pa sabata, mwana wa achimwene?"

Regina anawerenga mumtima mayina amene Ivan ankamuitana. Mbalame yanga, duwa langa, mami, bebi. Anatseka chikwama n'kukwera nacho kuchipinda, atakwiya. Pajatu chikondi chimagontha makutu onse awiri.

Diresilo linali lothina pang'ono m'mapewa. Sabata ya Diwali, chikondwerero cha nyali cha amwenye, iye ndi Ivan anapita nalo ku Belgrave Road, kumene nyali zinali zitapachikidwa msewu wonse ndipo anthu ankathithikana m'mashopu a golide ndi a maswiti. Telala wake anali mayi wina wachikulire dzina lake Zarina, amene shopu yake inali kuseri kwa wogulitsa nsalu. Regina atalivala anamva kuzizira kumsana, ngati wina wamuika chikhatho chonyowa.

Zarina anatembenuza msoko, mapini ali pakamwa. M'kati munali ulusi wa mitundu yosiyanasiyana, wobiriwira wakale, wakuda, woyera, malo ena opinda, ena omasula.

"Labweranso diresi ili," anatero mayiyo m'Chingelezi. "Nsalu yatopa, mwana wanga. Ulendo uno ndikamasula, sindidziwa ngati..."

"Anti Zarina, tili na changu," Ivan anadula, akuseka mokweza. "Basi itisiya."

Ali panja Regina anafunsa, "Akuti labweranso. Linabwera ndi ndani?"

"Na ine, kukonzetsa zipi. Iwe, yang'ana nyali izi. Tsiku lija nizakupatsa chinthu pamaso pa anthu onse. Chinthu chozungulira, chowala." Anamugwira chala chachinayi n'kuchipsompsona. "Ukonzeke kuyankha."

Mtima wa Regina unalumpha. Mphete! Ulusi uja anauiwala pomwepo. Usiku wake anauza mnzake wa ku Balaka pa foni kuti ayambe kuganiza za nsalu ya chinkhoswe.

Tsiku la chikumbutso linali Lamlungu masana, koma kunja kunali mdima wa chifunga ngati dzuwa laiwala kutuluka. Holo ya kalabu ina ku Loughborough inadzaza. Onse anali a imvi, azibambo a mimba zazikulu m'malaya akuda olembedwa dzina la gululo, azimayi a ndodo, ena atanyamula zimbale zakale pachifuwa ngati Mabaibulo. Kutsogolo kwenikweni, pa njinga yake ya olumala, kunali Terry. Mwana wake wamkazi ndiye anabwera naye.

Anti Elizabeth anakana kupita. "Ndikhala ndikupemphera," anatero.

Kuseri kwa katani Ivan anali atavala wigi ndi malaya a woimba wamkulu wa gululo, malemu aja. Anamupatsa Regina maikolofoni yachikale yolemera, ya chingwe chachitali chakuda.

"Iyi ni yamene anagwira eve. Usachoke pa chizindikiro ico pansi. Usaope, mbalame yanga."

"Ivan, tanditchula dzina. Kamodzi kokha, ndilimbe mtima."

Koma ng'oma zinali zitayamba, ndipo Ivan anathamangira kutsogolo.

Nyimbo zoyamba Regina anadikira mumdima, diresi likumumata pakhungu. Itafika ya mtsinje, nyali yobiriwira inayaka ndipo anatuluka. Holo yonse inapuma mpweya nthawi imodzi. Wina kumbuyo anati, "Mulungu wanga." Palibe anaomba m'manja. Ankangomuyang'ana, maso mazanamazana onyowa, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linkaona iye.

Anaika dzanja pachifuwa, napendeka mutu, nayamba kuimba. Mawu anadzaza holo, okwera, oyera, okoma kuposa mmene anaimbirapo. Misozi inalengeza. Ndine amene ndikuimba chonchi?

Ndiye Terry anaimirira. Munthu amene chaka chonse sanaime popanda anthu awiri omugwira anaima yekha, natambasula manja.

"Fliss," anaitana. "Tuluka m'madzimo. Tuluka, bakha wanga."

Regina analeka kuimba. Mpweya unakana. Milomo yake inaima, pakamwa pali pululu.

Koma mawu aja sanaime.

Anapitirira kukwera, kuzungulira denga, kutsika, kupuma pamene Felista ankapumira. Regina anaima chilili, maikolofoni ili m'manja, akumva mkazi wakufa akuimba kuchokera m'diresi limene iye anavala. Anti ananena! Anafuna kukuwa koma analibe mawu, onse anali atatengedwa. Ivan anamuyang'ana mwaukali cham'mbali, akumusonyeza ndi milomo kuti ayendetse pakamwa.

Nyimbo inatha. Holo inaphulika ndi m'manja ndi kulira.

Ivan anavula gitala. Anayenda pang'onopang'ono kufika pamene Regina anaima, nagwada bondo limodzi, natulutsa kabokosi kofiira. Ngakhale anali ndi mantha otere, mtima wopusawo unadumphabe. Nayi nthawi ija. Mwina zonsezi zitha, mwina anditchula tsopano.

Ivan anatsegula pakamwa, nayankhula m'Chingelezi. "Khala nane..."

Ndipo holo yonse inayankhula naye pamodzi, agogo onse aja, mawu amodzi, mwapansipansi ngati pemphero la pa manda: "...mpaka nyali zonse za mzinda uno zidzazime, Fliss."

Ankawadziwa mawuwo. Aliyense ankawadziwa. Ndi mmene woimba wamkulu anafunsira Felista pa dansi yomaliza ija, ndipo anthuwa anabwera kudzaonanso zomwezo. Mayi wina kutsogolo anali atakweza kale foni, akudikira yankho limene ankalidziwanso.

Regina anabwerera m'mbuyo. Chidendene cha nsapato chinakola chingwe cha maikolofoni, ndipo chingwecho chinabwera chonse mosavuta, chikukwawa kuchokera pansi pa katani ngati njoka yakufa. Anayang'ana kumapeto kwake. Kunalibe pulagi. Chinali chodula, chokulungidwa ndi tepi yakuda yomatira, yakale, yotuwa ndi fumbi.

Sichinalumikizidwe ku chilichonse. Sichinalumikizidwepo.

Si mzimu umene unaimba. Inali tepi ya Felista, yoikidwa ndi munthu wa makina kumbuyo kwa holo. Miyezi yonse ija, kupuma apa, kutseka kamwa apo, sikunali kuphunzira kuimba. Kunali kuphunzira kukhala chidole.

Anawerama, nayankhula m'Chichewa motsitsa, kuti amve yekha wogwadayo.

"Ivan, mawu anga anamveka?"

"Vomera chabe, mami, anthu ayembekeza," ananong'ona, akumwetulirabe kwa anthu. "Uzinena kuti inde, ulire pang'ono, nyali zizime. Tizakamba pambuyo."

"Mphete iyi ndi yanga?"

"Ni ya pa siteji. Yako izabwera. Iwe, usanichititse manyazi. Enawo sanavutepo so."

"Enawo."

Ivan anazindikira chimene wanena. Kumwetulira kunauma pankhope pake.

"Uja ulusi wakuda anali ndani?" anafunsa Regina. "Nanga woyera? Nawonso unkawafunditsa mayina m'kamwa?"

"Bebi..."

"Dzina langa ndani?"

"Mbalame yanga, osati pano."

"Dzina langa ndani, Ivan?"

Analidziwa, inde. Koma analitchula mochedwa, ndipo analitchula ngati munthu amene akuwerenga pa chiphaso cha mlendo.

Regina anaika maikolofoni pansi bwinobwino, natsika masitepe a kutsogolo, nadutsa pakati pa anthu. Ankamupatukira, ena akufuna kukhudza nsalu ya diresi. Bambo wina anati, "Sizithera chonchi. Amayenera kuvomera." Anatenga jasi lake pakhomo, navala pamwamba pa diresi, nayenda m'chifunga mpaka ku siteshoni ya sitima.

M'sitima foni inalira. Mtima womwe uja, wosamva, unati mwina akupepesa. Mwina akuti Regina, ndikhululukire, ndakuzindikira mochedwa. Anatsegula uthengawo.

"Diresi lili kuti? Usalichape. Pa Sabata tili ku Derby."

Pamenepo ndi pamene analira. Analira kuyambira ku Sileby mpaka kulowa mu Leicester, azungu a m'sitimamo akuyang'ana pa mazenera ngati sakumva.

Anti Elizabeth atatsegula chitseko sananene kuti ndinakuuza. Anangomuvula jasi, namasula zipi, namuthandiza kutuluka m'diresimo monga amavulira wodwala. Kenako anatsegula madzi ofunda m'bafa.

"Bwera, tichape tonse. Alibe wina kuno. Abale ake ndife."

Anagwada awiriwo. Sopo atalowa, madzi anada bii, ndipo m'bafamo munamveka fungo la matope a m'ngalande. Anataya, nathira ena. Anachapa mpaka madzi anayera. Anti anayambitsa nyimbo ya maliro ya kwawo, ndipo Regina anailandira ndi mawu ake enieni, osasa ndi kulira, opanda womuuza popumira. Misoko yotopa ija inamasuka yokha m'manja mwawo, ulusi wakuda, woyera, ndi wake womwe wa Zarina.

Foni inalira kambirimbiri pa tebulo. Mauthenga okoma anali atatha. Otsalawo anali omuopseza ndi maloya ndi apolisi. Anti anaitembenuza chafufumimba.

"Abwere adzatenge," anatero. "Adzapeza nsanza zoyera."

Litauma analipinda, ndipo Lachiwiri anapita nalo ku Gilroes. Wosamalira manda anawalozera pamalo pa udzu popanda mwala. Anapemphera, namutchula Felista dzina lake lonse lakwawo, namuuza kuti ntchito yake yatha, agone. Nsaluyo Anti anaisunga kuti akapita kumudzi akafunse abale ake ku Ntcheu.

Lachitatu m'mawa Regina anabwerera ku ntchito, maso ali otupa. Anagogoda pa chipinda cha Terry atanyamula phala. Nkhalambayo inali pa mpando pafupi ndi zenera. Kwa nthawi yoyamba chiyambireni kumudziwa, manja ake anali chete pa maondo.

"Mwadzuka bwanji, a Terry?"

Terry anayang'ana kuseri kwa phewa la Regina, pakhomo, kwa kanthawi. Kenako anamwetulira.

"Wapita," anatero. "Anabwera kudzatsanzika. Anali wouma, bakha. Tsitsi louma, zovala zochapa."

Regina anaika thireyi pansi pang'onopang'ono kuti isagwe. Za kuchapako sanauze munthu aliyense.

Ndiye Terry anamuyang'ana m'maso, monga munthu ayang'anira nkhope imene sanaionepo.

"Nanga iwe ndiwe yani?"

"Ndine Regina."

"Regina," inabwereza nkhalambayo, mosamala, ngati ikulawa. "Dzina labwino. Umaimba, Regina?"

Mnyamata wa nzeru zake zonse, amene anamupsompsona miyezi yonse ija, funso limenelo sanalifunsepo ndi mtima woona. Linachokera kwa munthu amene pofika masana adzakhala ataiwala yankho.

Regina anapukuta m'maso ndi mkono wa yunifolomu, natenga supuni.

"Pang'ono," anatero. "Tsegulani pakamwa, phala lizizira."